Mkamwini wa M'foni

Nyumba yoyamba imene Crispin anamanga pa moyo wake inalibe khomo. Anaimanga Lamlungu masana atakhala pa chitsa cha bulugamu kuseri kwa fakitale ya tiyi, pomwe netiweki imagwira bwino kuposa pena paliponse pa esiteti, ndipo atangomaliza kuika denga anazindikira kuti wadzitsekera mkati.

"Anesi, tabwera. Kamunthu kangaka kakukanika kutuluka."

Anesi anasuzumira pa foni ya bwenzi lakelo n'kuphulika nako kuseka. Pa sikirini kamunthu ka Crispin, kovala malaya ofiira, kankagunda khoma ili, kutembenuka, n'kukagunda linalo ngati nkhuku yovundikiridwa m'dengu.

"Aa aa, bambo! Mwamanga nyumba kapena chitokosi cha apolisi?"

"Usaseke iwe. Ndimati khomo ndiboola pomaliza."

"Uboola ndi chiyani, mutu?"

Gemu imeneyi achinyamata a ku Makwasa ankangoitchula kuti ku Mapuloti. Umalowa pa intaneti, amakupatsa kamunthu kako koyenda nako, ndipo m'dziko la m'fonimo aliyense amamanga zimene mtima wake wafuna, anzake n'kumabwera kudzaona. Anesi anali atathamo chaka. Crispin anali ndi masiku anayi okha, ndipo tinene chilungamo, sanalowemo chifukwa chokonda zomangamanga. Chinam'lowetsa ndi nsanje. Mervin, kalaliki wa ku ofesi ya esiteti, uja woyenda pa njinga yamoto atazipopera perefyumu womveka mpaka m'mizere ya tiyi, anali ndi chinyumba chosanja katatu moyandikana ndi puloti ya Anesi, ndipo kamunthu kake sikankasowa pa geti pa mtsikanayo.

"Bweretsa chala," anatero Anesi. Anam'gwira chala chachikulu n'kuchiika pa kabatani ka muvi wokhota. Denga linazimiririka. Anadinanso, khoma limodzi n'kuchoka, kamunthu kaja n'kutuluka. "Aka ndi kobwezera m'mbuyo. Ukalakwitsa sugwetsa nyumba yonse ayi, umangobwerera pomwe unasokonezera."

"Kakanakhalapo kotere pa moyo, bwenzi nditabwezera tsiku lija ndinapereka moni kwa amalume ako manja ali m'thumba."

Anesi anasiya kuseka. Nkhani ya a Malizani, amalume ake, inali munga m'chibwenzi chawo. Iwo ndiwo anali mwinimbumba, ndipo ukwati wa Anesi sukanatheka popanda mawu awo. Anali mmisiri wopuma pa ntchito, munthu woti theka la nyumba za pa esiteti linadutsa m'manja mwake. Atamva za Crispin anangoti, "Mwana wa m'malayini uja? Kwathu kuno mwamuna amabwera kwa mkazi n'kumanga. Uyo sanaumbepo njerwa ndi imodzi yomwe, mwana wathu adzam'goneka m'tiyi?"

Chowawa chinali chakuti sananame. Crispin anabadwira m'malayini, m'nyumba ya kampani, anakulira momwemo, ndipo denga likadontha bambo ake ankangokanena kwa kapitawo.

*

Ku Mapuloti munthu watsopano sapatsidwa malo akeake mpaka mwezi utatha. Amangoyeserera pa bwalo la aliyense, pomwe zonse zimafufutika tsiku likatha. Kuti amange chokhalitsa pamafunika mwini puloti am'patse kiyi, ndipo Lolemba m'mawa Anesi anam'tumizira Crispin kiyi wake.

Atalowa pa geti, Crispin anaima kaye. Anesi sanamange nyumba zosanja ngati anzake. Anamanga kwawo, ndendende. Nyumba ya amayi ake ya chitseko chobiriwira, khitchini, bafa ya udzu, khola la nkhunda, ndi mtengo wa mapeyala uja wa kumunsi kwa bwalo. Pansi pa mtengowo panali pambalambanda.

Mauthenga anayamba kuwuluka.

"Apa bwanji sunamangepo kanthu?"

"Ndi pomwe amayi anati padzakhala panga ndikadzakwatiwa."

Crispin analemba, anafufuta, analembanso, n'kufufutanso. Pomaliza anatumiza liwu limodzi: "Ndimangepo?"

"Ngati uikapo khomo."

Mnyamata anapita ku ntchito tsiku limenelo akumwetulira yekha ngati wotola chikwama.

Koma Anesi pophunzitsa analibe chibale. Crispin atangoyala njerwa ziwiri, uthenga unafika.

"Chotsa zimenezo. Lamulo loyamba: salaza malo. Sukuona kuti pamenepo ndi potsetsereka? Khoma lako litera pansi mbali imodzi, mbali inayo lilendewera."

Anasalaza.

"Tsopano yatsa mizere. Ukuona timabokosi tatuluka panthakapo? Njerwa iliyonse izikhala m'kabokosi kake, osaika ndi maso. Maso ako ndi abodza."

"Si omwewa anasankha iwe?"

"Tsiku limenelo anali atayatsa mizere. Ika ngodya zinayi kaye, kenako uwerenge. Mabokosi eyiti m'litali, sikisi m'lifupi."

Lachiwiri anaphunzira kuti khoma sumanga kanayi. Umamanga limodzi bwinobwino, n'kulikopera mbali inayo. Lachitatu anasiya mpata wa khomo, koma atayendetsa kamunthu kake kanagunda mutu n'kubwerera. Anesi anatumiza nkhope zoseka khumi ndi ziwiri, kenako n'kum'langiza kuti aziimika kamunthuko pampatapo asanakweze khoma, mwamba asiye bokosi limodzi lopumira. Anam'phunzitsanso kuzungulira nyumba n'kumaiona mbali zonse, chifukwa zimene zikuoneka zogundana ukaima kutsogolo, ukapita cham'mbali umapeza pali mpata woti mbuzi n'kudutsa.

Lachinayi ndi pomwe kunachitika zamanyazi. Nyumba itatha, denga la malata lili mbee, Crispin anaona kuti yayandikira kwambiri mtengo, ndiye anati aisunthe pang'ono. Anagwira n'kukoka. Chinasuntha ndi denga lokha. Linawuluka, kudumpha mpanda, n'kukaima m'malere pamwamba pa dziwe losambira la Mervin.

Pasanathe mphindi, kamunthu ka suti yoyera kanatulukira pa mpanda.

"Akulu, malata anuwa akunditchingira dzuwa. Kapena mwayamba kale kugawa katundu?"

Crispin anadina kabatani kobwezera kaja mothamanga ngati akuzima moto. Madzulo ake Anesi anam'yimbira foni, mawu akunjenjemera ndi kuseka.

"Ndinaiwala kukuuza, pepa. Ukamaliza umasankha zonse, maziko, makoma, denga, n'kuzimangirira pamodzi. Zikatero nyumba imakhala chinthu chimodzi. Ukaisuntha imayenda yonse, ukaitembenuza imatembenuka yonse."

"Ndiye ife atimangirira liti?"

"Funsa amalume," anatero Anesi, n'kudula foni.

*

Lachisanu masana Anesi akugula tomato pa msika wa Makwasa, njinga yamoto inaima kumbuyo kwake. Perefyumu anafika kaye, mwini wake pambuyo.

"Sisi Anesi, ine chaka chonse ndakhala ndikupempha kiyi uja. Mnzathu masiku anayi okha mwam'patsa?"

"Inu kiyi mukanatani naye, a Mervin? Nyumba muli nayo kale, yosanja katatu."

"Ndikanakumangirani ina ngati yomweyo. Osati kakhola kaja."

"Mukanamanga kapena mukanakatenga yomangamanga ku sitolo ya mu gemu? Yanu ija aliyense akudziwa kuti munangoitsitsa yathunthu. Khoma litagwa simungadziwe pogwira."

Mayi wogulitsa tomato anaseka mobisa nkhope m'chitenje. Mervin anamwetulira, koma makutu anali atamuotcha.

"Zam'foni ndi zam'foni, sisi. Pansi pano timaona amene ali ndi mphamvu."

Analiza njinga n'kupita. Atafika pa mthunzi wa mtengo wina anaima, natulutsa foni. Nambala ya a Malizani anali nayo, chifukwa bambo ake, a Bizwick, anagwira nawo ntchito limodzi zaka zambiri. A Malizani ankakhala ku Goliati kwa akazi awo, pa chikamwini chawo nawonso, ndipo kwa mlongo wawo ankangobwera pakakhala nkhani.

Apa ndi pomwe panali kuchenjera kwa mnyamatayu: sananame ngakhale liwu limodzi.

"Bambo, ndangoti ndikuyamikireni. Nyumba ija yatha bwino. Ija wamanga Crispin pa malo a Anesi, pansi pa mpeyala. Zipinda zitatu, yamalata. Aa, simukudziwa? Pepani, ndimayesa munavomereza ndinu. Kiyi anam'patsa ndi Anesi yemwe."

*

Loweruka dzuwa lisanatenthe a Malizani anali atatsika kale pa kabaza, chipewa chili m'manja, jekete itamangidwa mabatani mosemphana. Sanapereke moni kwa aliyense. Anadutsa mlongo wawo akusesa pabwalo, n'kulunjika kumunsi, akuyankhula okha m'Chilomwe, chimene kwa iwo chinali chizindikiro choti zinthu zafika pena.

Pansi pa mpeyala anapeza mapesi a nandolo, nkhuku ya anapiye asanu, ndi mtondo wakale wong'ambika.

Anazungulira mtengo kamodzi. Anazunguliranso.

"Mlongo! Nyumba ija mwaibisa kuti?"

"Nyumba yanji, achimwene? Mwadzuka bwanji kaye?"

"Ndadzuka ndi mkwiyo! Akuti mwana wa m'malayini uja wamanga pano, popanda nkhoswe, popanda ine, mpaka kukhoma malata!"

Amayi a Anesi anayang'ana mapesi aja, kenako anayang'ana mchimwene wawo ngati akufuna kum'nunkhiza m'kamwa. Anesi, amene anali pakhonde ndi ndowa ya madzi, anamva mawu akuti malata. Anadziwa pomwepo kuti ndi ndani wachita zimenezi. Anagwada patali.

"Amalume, nyumbayo ilipo. Koma ili m'foni."

"Ili kuti?"

"M'foni, amalume."

"Muitaneni. Abwere nayo nyumba yakeyo, ndiione ndi maso angawa."

Crispin anafika pasanathe ola, thukuta lili kamukamu, atavala malaya a kutchalitchi. Ulendo uno manja sanayandikire thumba. Ananjuta pansi, napereka foni ndi manja awiri ngati akupereka mbale kwa mlendo. Mantha anali nawo, ndipo ankadziwa kuti akatuluka pabwaloli atasekedwa, sadzalowaponso.

A Malizani anavala magalasi a mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi ndi chitseko cha mlongo wanga ichi."

"Eya, bambo."

"Ili ndi khola la nkhunda lomwe ndinamanga ine." Anakweza maso kuyang'ana khola lenilenilo, n'kubwereranso pa foni. "Ndiye iyi ndi nyumba yakoyo? Ndayendera zidole ine kuchokera ku Goliati?"

Crispin anatambasula manja kuti alandire foni yake. Koma mmisiri ndi mmisiri basi. M'malo mobweza foni, anaiyandikitsa kumaso.

"Taizungulitsa ndione kumbuyo."

Crispin anayendetsa chala, nyumba n'kuoneka kumbuyo.

"Cham'mbali. Hmm. Ngodyazi unayeza ndi chiyani?"

"Pali mizere, bambo, ngati chingwe chomangira. Ndinayamba ndasalaza malo, kenako ngodya zinayi, kenako ndinawerenga. Eyiti m'litali, sikisi m'lifupi."

"Unayamba ndi ngodya?"

"Eya, bambo."

"Pali anyamata ndawaphunzitsa zaka zitatu, mpaka lero amayamba ndi pakati pa khoma. Anakuuza ndani zimenezi?"

Crispin analoza Anesi ndi maso. A Malizani anayang'ana mwana wa mlongo wawoyo, ndipo ngakhale anayesetsa kuumitsa nkhope, kunyada kunatulukira m'mphuno.

"Magazi," anatero. Kenako nkhope inasintha. Anabaya sikirini ndi chikhadabo. "Koma ichi n'chiyani? Iwe, khomo lako layang'ana kuti?"

Crispin anayang'ana. Khomo lija analivutikira masiku awiri linapenya ndendende pa chitseko chobiriwira.

"Ulibe ulemu? Ukufuna m'mawa uliwonse uzidzatuluka ndi mswachi kukamwa, kabudula ali pamchombo, n'kuphana maso ndi apongozi ako? Mkamwini khomo lake limayang'ana kumbali! Izi n'zimene ndimanena. M'malayini makomo onse amangoyang'anizana ngati mabenchi a m'minibasi, ndiye mwana angadziwe bwanji? Gwetsa yonse, uyambirenso."

"Bambo, ndiloleni pang'ono."

Crispin anagwira nyumba ija. Mumtima anapemphera kuti Lachinayi lija anamangiriradi zonse. Anapotoza. Nyumba yonse, maziko, makoma ndi denga lomwe, inatembenuka mwaulemu n'kuyang'ana kumunda wa tiyi, osasiya ngakhale lata limodzi m'malere.

A Malizani anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso.

"Tabwezera." Anabwezera. "Tatembenuzanso." Anatembenuzanso. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Mlongo, tabwera udzaone! Ine nyumba ya manejala wina ndinaigwetsa kawiri chifukwa cha khomo lomweli!"

Koma Anesi sankamvanso zimenezo. Iye anali atagwira mawu awiri okha, ndipo anawasunga ngati dzira. Anasendera kufupi ndi amayi ake n'kunong'ona, "Mwamva? Akuti apongozi ako."

"Ndamva, khala chete," anatero amayi ake, akubisa kumwetulira.

*

A Malizani sanali munthu wochedwa. Anatuma Anesi kukatenga chikwanje, anasema zikhomo zinayi za nthambi ya bulugamu, nathamangitsa nkhuku ija. Anayeza ndi mapazi awo, asanu ndi atatu m'litali, asanu ndi limodzi m'lifupi, akukhoma chikhomo pa ngodya iliyonse.

"Mutu uli nawo, ndaona. Tsopano ndione manja. Nyumba yomweyi, khomo kumbali, uimike pano mvula isanagwe. Dothi labwino lili kudambo uko, chikombole ndikubwereka changa. Ukafolera, uuze akwanu abwere tidzakambirane."

"Ndimanga, bambo."

"Usavomere msanga. Kuno kulibe kabatani kako kaja. Ukalakwitsa, khoma limagwera iwe."

Crispin anayang'ana malo aja pakati pa zikhomo zinayi. Aka kanali koyamba pa moyo wake kuti munthu amulozere nthaka n'kunena kuti imika pano. Ndi chimwemwe anati zikomo katatu. Anesi anayang'ana kumbali kuti amalume asaone misozi.

Ndi pomwe anamva kulira kwa thirakitala.

Inatulukira pa msewu wa m'tiyi ikukoka ngolo yodzaza ndi njerwa zootcha, zofiira psuu, ndipo kumbuyo kwake kunali njinga yamoto. Mervin anatsika atavala shati yoyera, akuyembekeza kupeza Crispin atathamangitsidwa kale. Atamuona ataima pakati pa zikhomo anadzidzimuka pang'ono, koma anadzigwira msanga. Anagwada pamaso pa a Malizani mwaulemu wonse.

"Bambo, a Bizwick akupereka moni. Akuti mawu munawauza aja sanaiwale. Iyi ndi tiripi yoyamba, malata abwera Lachitatu."

"Mawu ati, amalume?" anafunsa Anesi.

A Malizani anakanda m'mutu, maso ali pa nsapato zawo.

"Mwezi watha pa maliro ena ndinawauza kuti pansi pa mpeyala padzamanga mwamuna amene adzayambe kuimika nyumba. Dzina sindinatchule ayi." Anatsokomola. "Komanso sindinakane."

Woyendetsa thirakitala sanadikire kuti nkhani ithe. Anabwerera cham'mbuyo, anakweza ngolo, njerwa n'kukhuthukira pakati penipeni pa zikhomo zinayi zija, chimodzi mpaka kuthyoka. Fumbi litatsika, Crispin anapeza chala chake chachikulu chikudina m'malere, kufunafuna kabatani komwe kunalibe.

Anesi anapita kukatenga khasu kukhitchini, nabwera kudzam'patsa m'manja pamaso pa onse.

"Crispin, lamulo loyamba?"

"Kusalaza malo."

"Ndiye yamba n'kuchotsa zinyalalazi," anatero mokweza, akuloza njerwa za Mervin.

A Malizani anabisa kuseka m'chipewa. Crispin anamva mphamvu zikubwerera m'mapewa, ndipo anatembenuka kuti aone ngati apongozi ake am'tsogolo nawonso akuseka.

Sankaseka. Amayi a Anesi, omwe miyezi yonseyi ankaikira kumbuyo chibwenzi cha awiriwa, anali atatola njerwa imodzi pa muluwo. Anaitembenuza uku ndi uku, anayang'ana khoma la nyumba yawo ya zidina lomwe linang'aluka ndi mvula ya chaka chatha, kenako anaigogoda ndi chala n'kutchera khutu kumva kulira kwake.

"Koma zapsa bwino izi," anatero.